Akufuna ndiwajambule mayi awo ngati akazi a pa mabo aja: ndichotse mphini?

Burashi25:
Odi pagulu pano akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mayi wina wandipatsa ntchito yojambula mayi ake omwe anatisiya chaka chatha, chithunzi chachikulu cha penti wa mafuta chokapachika pabalaza. Chotengerapo nkhope chilipo chimodzi chokha, cha pa ukwati wa mdzukulu kwawo ku Ntchisi: gogoyo atakhala pa mpando wa pulasitiki, duku kumutu, mphini zitatuzitatu m'masaya. Ndiye wanditumiziranso china chomwe anachipeza pa Pinterest, ati chikhale ngati ichi. Mtsikana wachizungu watsamira khoma la mabo (mwala wosalala uja wa marble), wavala nsalu yopyapyala yofiirira, kumbuyo nyanja ili phee, maso akuyang'ana kutali ngati wina anamulonjeza kuti abwera koma sakufika. Pansi palembedwa J. W. Godward. Akuti mphini ndichotse, makwinya ndichepetse, komanso ndiwawalitseko pang'ono. Ndalama yake ndi yabwino, sindinama. Koma dzanja likukana. Nditani?

Make Tadala:
Kkkkk ndiye gogo wa ku Ntchisi akatsamire mabo atafunda neti ya udzudzu? Achimwene landirani ndalamazo, landilodi sadziwa za dzanja kukana.

Wa ku Joni:
Mwini ndalama ndiye mwini chithunzi. Telala ukamuuza kuti diresi ilekeze m'maondo safunsa mtima wake.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, usanavomere kapena kukana, yamba wadziwa chimene wapatsidwa ngati chitsanzocho. John William Godward anali Mngelezi, anabadwa mu 1861 n'kumwalira mu 1922. Moyo wake wonse anajambula pafupifupi chinthu chimodzi: mkazi mmodzi, mwina awiri, zovala za Agiriki ndi Aroma akale, mabo, nthawi zina chikopa cha nyama pansi, ndi nyanja. Akaziwo sachita kanthu. Sasinja, satunga madzi, sayamwitsa. Zina mwa zithunzi zake anazitcha Dolce far Niente, Chitaliyana chonena kukoma kwa kungokhala osagwira ntchito.

Tsono ona ichi. Chimene wakutumiziracho si chithunzi cha mwana wa munthu wodziwika. Sikuti banja linapita kukanena kuti tijambulireni mwana wathu tizimukumbukira. Godward ankalipira atsikana kuti azikhala patsogolo pake, ku London, kenaka ku Rome komwe anasamukira mu 1912, ndipo dzina la mtsikana silinali nkhani. Ankagulitsa bata limene ukuliona lija. Kasitomala wako wakopeka ndi batalo, koma akuganiza kuti limachokera ku khungu losalala ndi loyera.

Burashi25:
Zikomo aphunzitsi. Nanga batalo lili pati kwenikweni? Ndachiyang'ana masiku atatu, ndikulimva koma sindikutha kuliloza ndi chala.

Aphunzitsi Opuma:
Tenga kapepala uphimbe nkhope ya mtsikanayo. Upeza kuti bata likadalipo. Lili m'mapewa ogwa aja, m'khosi lopendekeka, m'manja omwe sanafumbate kanthu. Lili mu mzere wa nyanja wogona chopingasa kumbuyo, poti diso likaona mzere wogona limapuma, likaona wopendekeka limayembekeza kuti china chigwa. Milomo ndi yotseka. Maso sakuyang'ana iwe, ndiye ukhoza kumuyang'anitsitsa mpaka mawa osachita manyazi. Kuwala kukuchokera mbali imodzi ndipo n'kofewa, si kwa dzuwa la October masana lomwe limadula mthunzi ngati mpeni. Ndiye pali burashi. Anthu amenewa ankasalaza penti mpaka osaoneka pomwe burashi yadutsa, kuti usakumbukire n'komwe kuti panali dzanja la munthu lomwe linatopa. Pa zonsezi, kodi mtundu wa khungu ndautchula?

NaPhiri wa ku Manchester:
Aphunzitsi mwandikumbutsa. Komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno, mu kolido muli kope la chithunzi cha Frederic Leighton chotchedwa Flaming June, cha 1895. Mtsikana wadzipinda pa mpando wagona tulo, diresi la olenji likuwala ngati moto, kumbuyo nyanja ikunyezimira. Ndikamadutsa usiku ndi makapu a tiyi ndimachita kuima kaye. Tsiku lina ndinayesa kugona mmene wagonera iyeyo nditafika kunyumba. Abale, mphindi ziwiri sizinathe, khosi linauma gwa, mwendo dzanzi. Ndipo ntchafu yake ija ndi yaitali kuposa ya munthu aliyense amene ndinamusambitsapo, ndipo ndasambitsa ambiri.

Make Tadala:
Achemwali munayesa muli ndi yunifolomu yomwe? Kkkk titumizireni chithunzi.

NaPhiri wa ku Manchester:
Iwe Make Tadala khala chete kkk. Koma chomwe chinandidabwitsa n'chakuti kumtunda kudzanja lamanja kuli kanthambi ka maluwa a oleander, omwe ndi poizoni. Ndiye ukayang'ana bwino sudziwa ngati ukuona tulo kapena china choposa tulo. Mwina n'chifukwa chake ndimachimva kwambiri pamalo pomwe anthu amagona osadzukanso. Leighton mwiniyo anamwalira mu January 1896, chithunzicho chisanathe chaka. Chenicheni chake n'cha nyumba ya zithunzi ya ku Ponce, ku Puerto Rico. Anachigula Luis Ferré mu 1963, nthawi yomwe Angelezi ankaona zithunzi zamtunduwu ngati zinyalala za agogo awo.

Mnyamata wa ku Chipata:
Manje ba Aphunzitsi, funso langa ndi ili. Ngati ntchafu ndi yaitali, ndiye kuti munthu sanadziwe kujambula? Ife ku sukulu tikatalikitsa mwendo anali kutipatsa ziro.

Aphunzitsi Opuma:
Ayi mphwanga, ankadziwa bwino lomwe. Anatalikitsa dala. Nkhani yake inayamba kalekale. Agiriki ankasimba za mmisiri wotchedwa Zeuxis, yemwe anthu a mzinda wa Croton anamupempha kuti ajambule Helen, mkazi amene ankati kukongola kwake kunabutsa nkhondo ya ku Troy. Zeuxis sanapeze mtsikana mmodzi womukwanira. Anasankha asanu, n'kutenga kwa uyu chakuti, kwa uyo chakuti, n'kulumikiza. Amisiri a ku Ulaya anaigwira nkhani imeneyi ngati lamulo kwa zaka mazanamazana: usajambule zimene waona, jambula zimene chilengedwe chinkafuna kupanga chikanapanda kulakwitsa.

Amene anapita nazo patali ndi Ingres wa ku France. La Grande Odalisque, cha 1814, chili ku Louvre, nyumba ya zithunzi ya ku Paris. Atachionetsa mu 1819 anthu anati msana wa mkaziyo uli ndi mafupa atatu owonjezera. Madokotala ena atayeza mu 2004 anati si atatu, ndi asanu. Munthu wotero atabadwa tingathamangire naye ku Queens. Koma pa nsalu msanawo umayenda ngati mtsinje, ndipo Ingres ankafuna mtsinjewo, osati msana.

Wa ku Joni:
Basi mwandivomereza aphunzitsi. Ngati Ingres anawonjezera mafupa asanu, Burashi kuchotsa mphini zisanu ndi imodzi chavuta n'chiyani?

Mwana wa ku Mua:
Chavuta n'chakuti mkazi wa mafupa asanuyo sanali mayi wa munthu aliyense, achimwene. Palibe mwana anabwera kudzalira kuti awa si amayi. Gogo wa ku Ntchisi ali ndi dzina, ali ndi manda, ali ndi anthu amene mphinizo ankaziona tsiku ndi tsiku akamawapatsa phala.

NaPhiri wa ku Manchester:
Koma Ingres yemweyo anajambulanso anthu enieni. Ndinakwera basi mpaka London dala kukaona Madame Moitessier ku National Gallery, poti kulowa n'kwaulere. Mkazi wa munthu wolemera, wakhala pa sofa, diresi la maluwa, mikanda ya golide m'manja. Anavomera ntchitoyo mu 1844, anamaliza mu 1856. Zaka 12! Mayiyo anayamba ali ndi zaka 23, pomaliza anali ndi 35, koma pankhope palibe ndi khwinya limodzi lomwe. Mwana wake wamkazi amayenera kukhala nawo m'chithunzimo, mpaka anamuchotsamo. Burashi, iwe kasitomala wako angadikire zaka 12?

Burashi25:
Wandipatsa mpaka mwezi wa mawa, pa tsiku loika chiliza. Zaka 12 ndiye angandimangitse.

NaPhiri wa ku Manchester:
Chomwe ndimafuna kunena ndi dzanja lake. Lili pambali pa mutu, zala zatambasuka ngati zilibe mafupa. Mzungu amene ankatifotokozera anati Ingres anatengera kakhalidweko ku chithunzi chakale cha pakhoma ku Herculaneum, mzinda wakale wa ku Italy, cha mulungu wamkazi, ndiye chimasonyeza ulemerero. Ine mumtima ndinangoti kwathu mwana ukaika dzanja patsaya choncho agogo amakumenya kadzanjako, ati wafedwa ndani. Iwo akuona mfumukazi, ine ndikuona mayi amene ngongole ya banki m'khonde yamupana.

Make Tadala:
Eeeh izi ndiye zoona. Ndi zibangili zonsezo koma chiwongoladzanja chamukwana.

Aphunzitsi Opuma:
Mwaseka koma NaPhiri wanena chinthu chachikulu. Mmene thupi limayankhulira si chimodzimodzi kulikonse. Mtsikana wa Godward akazyolika, Mngelezi wa nthawi imeneyo ankaona kulota za chikondi. Ife tikaona mtsikana wazyolika timaona namwali amene anamkungwi amulanga, kapena mkamwini wamkazi pamaso pa apongozi. Ndiye Burashi, ukakopera kakhalidwe ka thupi osaganiza, abale a ku Ntchisi akaona zina zomwe iwe sunatanthauze. Gogo amene anali mwini mbumba, ukamuzyolikitsa ngati namwali, wamuchotsa pa mpando wake.

NaNgozo:
Ndakhala ndikungowerenga, koma pano ndilankhulepo, ndipo mundikhululukire ngati ndipsetsa ena mtima. Nonse mwagwirizana zomuweruza mayi ameneyu ngati wopanda nzeru. Ine amayi anga anadwala zaka zitatu asanatisiye. Zithunzi zonse za mu foni mwanga ndi za munthu wowonda, maso olowa, milomo yosweka. Sindifuna kuwakumbukira choncho. Nditapeza wondijambulira amayi mmene analili ndili mwana, atadzola, atavala chilundu chawo cha pa Sabata, ndingalipire chilichonse. Kodi ndiye kuti ndikunama? Pa maliro timasambitsa thupi, timaliveka zabwino, palibe amene amati tikunamiza anthu. Mwana wofedwa akafuna mayi ake okongola musamuyankhe ndi mbiri ya Agiriki.

Mwana wa ku Mua:
Pepani achemwali, Mulungu akutonthozeni. Pa makwinya ndi matenda ndikugwirizana nanu kwathunthu. Kubweza munthu ku zaka zake zamphamvu si bodza, poti analidi wotero. Koma kuwalitsa khungu si kubweza. Gogoyo sanakhalepo woyera tsiku ndi limodzi lomwe. Ndipo mphini sizinabwere ndi matenda. Anatema ali mtsikana kuti akongole, anapirira ululu wake. Kwa iye ndiye zinali zodzikongoletsera.

NaNgozo:
Apo ndamva. Za khungu sindikuikira kumbuyo. Ndimangokana kuti kukongoletsa kulikonse kukhale tchimo.

Aphunzitsi Opuma:
Simunalakwe mayi, ndipo ngati mawu anga anamveka ngati ndikunyoza wofedwa, ndapepesa. Ndiwonjezere za kuyera kumeneku poti mizu yake ndi yodabwitsa. Azungu a m'zaka za m'ma 1700 atayamba kufukula Herculaneum mu 1738 ndi Pompeii mu 1748, mizinda yomwe phiri la Vesuvius linakwirira mu chaka cha 79, Ulaya yense anapenga ndi zakale. Mjeremani wina, Winckelmann, anaphunzitsa kuti kukongola kwenikweni kuli mu ziboliboli za Agiriki: zosachulutsa zokometsera, zodekha, zoyera. Amisiri anayamba kupenta akazi amoyo kuti azioneka ngati mwala. Koma ziboliboli zija eni ake ankazipaka utoto! Tsitsi, milomo, maso, zovala za mawangamawanga. Utoto unangosuluka ndi zaka. Mu 2003 ku Munich, Vinzenz Brinkmann anaonetsa makope a ziboliboli atazibwezera mitundu yake, anthu ena mpaka anakhumudwa kuti zikuoneka ngati zidole za pamsika. Ndiye taganizani: mwala unasuluka, mzungu anatengera mwala wosulukawo, ife tikutengera mzunguyo, mpaka mtsikana wa ku Ndirande akugula mafuta owalitsa khungu osadziwa kuti akuthamangitsa penti amene mvula inakokolola.

Make Tadala:
Aphunzitsi apa ndiye mwandilasa, mafutawo ena ndimagulitsa ndine pambali pa zitenje. Koma akagula ndimawauza kuti zigongono ndi zala zidzakuululani.

Mnyamata wa ku Chipata:
Ine amene amandiseketsa ni Bouguereau. Ana a kumudzi, abusa a nkhosa, opanda nsapato, koma mapazi osalala monga a khanda. Munthu woyenda pansi tsiku lonse alibe zikang'a? Abwere ku Chadiza aone phazi la m'busa.

Aphunzitsi Opuma:
Kkk William Bouguereau, 1825 mpaka 1905, wa ku La Rochelle. Olemera a ku America ankalimbirana zithunzi zake. Ankafuna umphawi wosanunkha thukuta, woti ukhoza kupachikidwa pafupi ndi tebulo lodyera. Koma ndisamunyoze kwambiri. Pa kapentedwe ka khungu ndi manja, ochepa anamufika. Ndipo munthuyu anaika m'manda mkazi wake woyamba ndi ana ake angapo. Ukadziwa zimenezo, ana ake osadetsedwa aja umawaona mwina. NaNgozo akhoza kumumvetsa kuposa ine.

Wa ku Joni:
Koma inu mukuchita ngati kajambulidwe kameneka ndi ka azungu okhaokha. Palibe munthu wakuda anajambulidwapo mwa mtundu umenewu? Ngati palibe, ndiye Burashi angouza kasitomala kuti sizitheka.

NaPhiri wa ku Manchester:
Alipo achimwene, ndipo Burashi ukachifufuze usiku uno. Portrait of Madeleine, cha Marie-Guillemine Benoist, chaka cha 1800, chili ku Louvre. Wojambulayo anali mkazi, wophunzira wa Jacques-Louis David. Mayi wakuda bii wakhala pa mpando, duku loyera kumutu, nsalu yoyera yomangidwa ndi kalamba kofiira, nsalu ya buluu pa mpando, kumbuyo kulibe kanthu. Zonse zomwe aphunzitsi anena zilipo: mapewa, kuwala kofewa, milomo yotseka, burashi yosaoneka. Sanamuwalitse ndi pang'ono pomwe. Kusiyana kwake n'kumodzi: iyeyu akukuyang'ana iwe m'maso. Ndiye amene amayamba kuchita manyazi ndiwe.

Mwana wa ku Mua:
Ndipo kwa zaka zoposa 200 chithunzicho chinalibe dzina la mwini nkhope, ankangochitcha chithunzi cha mkazi wakuda. Dzina loti Madeleine linabwerera mu 2019, pa chionetsero cha ku Musée d'Orsay. Anali wochokera ku Guadeloupe, wantchito m'nyumba ya achibale a mwamuna wa Benoist. France inali itathetsa ukapolo mu 1794, Napoleon n'kuubwezeretsa mu 1802. Ndiye chithunzicho chinapentedwa pakati pa zaka ziwirizo. Bere limodzi lili pamtunda, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati kumeneko kunali kumulemekeza ngati milungu yachikazi ya Agiriki kapena kumuonetsa ngati katundu. Wantchito akanakana?

Burashi25:
Ndachipeza. Abale. Ndakhala chete kaye. Khungu lake lili ndi mitundu ingati? Paphewa pakuoneka ngati golide, pakhosi ngati buluu. Ine ndimangosakaniza bulauni ndi wakuda basi, n'chifukwa chake anthu anga amaoneka ngati apakidwa matope.

Che Penti wa ku Mangochi:
Wakuda wa mu chubu muusiye kutali ndi nkhope, mphwanga, amapha khungu. Mthunzi upange ndi burnt umber (bulauni woderako) wosakaniza ndi ultramarine (buluu). Pofunda ika burnt sienna, pena kofiira pang'ono. Pomwe kuwala kwagunda, khungu lakuda limabweza mtundu wa chomwe chili pafupi, ndiye pachipumi ndi pamphuno pamafuna kabuluu kotuwa ka kumwamba, osati woyera weniweni. Ukathira woyera wambiri munthu amatuwa ngati wasamba osadzola. Yala penti wopyapyala, udikire aume, uyalenso wina pamwamba, kuti wapansi aziwonekera. Kusalala kwa Godward kumabwera choncho, kumaliza ndi burashi yofewa youma. Koma wa mafuta sachedwa kukukhumudwitsa ndi nyengo yozizira, sauma msanga. Ngati tsiku ndi mwezi wa mawa yamba lero.

Mnyamata wa ku Chipata:
Muonenso Tutu wa Ben Enwonwu wa ku Nigeria, 1974. Mwana wa banja lachifumu la ku Ife, watembenuka kuyang'ana chammbali, khosi lalitali. Naye Enwonwu anaphunzira ku Slade, sukulu ya zojambula ya ku London, anadziwa malamulo onse a azungu, koma kukongola anatenga kwa kwawo. Chinapezeka mu fulati ina ku London n'kugulitsidwa mu 2018 pa mapaundi 1.2 miliyoni. Khosi lija nalo ni lokokedwa, osanama. Kukometsa aliyense amakometsa, nkhani ni yakuti ukukometsera ku mbali iti.

Make Tadala:
1.2 miliyoni ya mapaundi? Burashi ndijambule ine, khosi ukoke mmene ungathere.

Mwana wa ku Mua:
Kwathu kuno nkhani imeneyi si yachilendo. Tinakula tikuona Amayi Maria a pa kalendala, khungu ngati mkaka, maso kumwamba, manja osagwirapo khasu. Kajambulidwe kake n'komweko ka amisiri omwe mukukambawa. Ndiye ku KuNgoni, malo a zaluso a ku Mua omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amisiri anayamba kusema ndi kupenta Maria wa nkhope ya kwathu, mwana kumsana. Agogo anga poyamba ankakana, ati ameneyo ndi mayi wa kumsika. Anazolowera mochedwa. Ndiye kasitomala wa Burashi sindikumudabwa. Diso linaphunzitsidwa kuyambira ku Sande sukulu kuti woyera mtima amakhalanso woyera khungu.

NaPhiri wa ku Manchester:
Nawonso eni ake zimawavuta, musaganize kuti ndi ife tokha. Kuno mu January 2018 a Manchester Art Gallery anatsitsa Hylas and the Nymphs cha Waterhouse, cha 1896, chija cha atsikana amaliseche m'dziwe akukopa mnyamata. Anati akufuna anthu akambirane mmene akazi amaonetsedwera m'zithunzi zotere. Kunali phokoso, patangotha sabata anachibwezera. Ndinapita kukachiona pambuyo pake. Atsikana asanu ndi awiri, koma nkhope ngati ya munthu mmodzi. Zeuxis anatenga asanu kupanga mmodzi, uyu anatenga mmodzi kupanga asanu ndi awiri.

Wa ku Joni:
Chabwino ndagonja pa khungu. Koma ndikufunsabe, ngati mayiyo akakamira? Burashi adye mbiri ya Madeleine?

Aphunzitsi Opuma:
Akakakamira, Burashi asankha yekha, ndipo ine sindidzamuweruza, poti sindimulipirira lendi. Amisiri akuluakulu nawonso ankagonja. Vigée Le Brun anajambula Marie Antoinette mu 1783 atavala diresi yopepuka ya thonje, anthu n'kukwiya kuti mfumukazi yajambulidwa ndi zovala zamkati. Anachitsitsa, n'kupenta china atavala silika. Koma mayi yemweyo mu 1787 anaonetsa chithunzi chake ali ndi mwana wake, akumwetulira mano akuoneka, zomwe zinali zosaloledwa pa zithunzi zaulemu, ndipo chimenecho chilipo mpaka lero ku Louvre. Pena ankagonja, pena ayi. Langizo langa ndi laling'ono: usakangane naye pa foni. Jambula timapepala tiwiri ta pensulo, umuonetse ndi maso.

Burashi25:
Ndabwerako akuluakulu, pepani ndinasowa masiku awiri. Ndinachita zomwe aphunzitsi ananena. Pepala loyamba, gogo mmene mayiyo anafunira. Lachiwiri, gogo wa zaka ngati 40, wakhala mowongoka, mapewa omasuka, manja pamiyendo, duku lake lomwe lija, mphini zili pomwepo, akuyang'ana chammbali pang'ono koma osazyolika. Ndinamuonetsanso Madeleine pa foni. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anandifunsa ngati ndingatsegule milomo pang'ono, ati amayi anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ndipo bambo ankawatchula ndi mpatawo. Pa chithunzi cha ukwati sumaoneka, ine sindinkadziwa n'komwe.

Za khungu tagwirizana, likhala lawo. Mphini wati zikhale koma zisakuwe. Makwinya ndichotsa ambiri, NaNgozo ndinakumvani. Koma mabo wakana kusiya. Ndinayesa kumuuza kuti ndiike khonde la kwawo kapena phiri la Ntchisi kumbuyo, wati ayi, amayi anakhala pa dothi moyo wawo wonse, pano akhale pa mabo. Ndinasowa choyankha. Nyanja nayo akuifuna, ngakhale gogoyo ku Salima anangopitako kamodzi.

NaNgozo:
Apatseni mabo awo. Ndalira pano.

Make Tadala:
Koma neti ija ayi eti? Avale chitenje. Bwerani ku Limbe ndikupatseni cha buluu muzikaonera mapindidwe, mudzabweze chosadetsedwa ndi penti.

Aphunzitsi Opuma:
Milomo yotsegula ndi yovuta kuposa mmene ukuganizira, mano akangowala kwambiri bata lonse lithawa. Uwadetse pang'ono, akhale mu mthunzi wa mlomo wapamwamba. Za mabo kaone zithunzi za Alma-Tadema, ndiye anali katswiri wake, Godward ankatsata mapazi ake. Uona kuti mwala wake si woyera, muli chikasu, muli kotuwa, m'mphepete mothimbirira.

Burashi25:
Ndamva aphunzitsi. Vuto tsopano burnt umber wanditsalira kachubu kamodzi kofinyidwa kale, ndipo m'tauni muno ndazungulira osamupeza wa mafuta, aliko wa acrylic yekha. Achimwene a ku Joni, palibe amene akukwera basi sabata ino?

Wa ku Joni:
Mlamu wanga anyamuka Lachinayi, afika Loweruka ngati pa Mwanza sipavuta. Machubu angati? Nditumizire ku inbox, ndi ultramarine yemwe unene ngati ukumufuna.